Makobiri Olakwika ndi Makobiri Oonongeka

Lero tidzakamba za ndalama zacitsulo, zimene ambiri timazicha makobiri. Aphunzitsi, tikupemphani kuti mugaŵire gulu liri lonse la ana kobiri limodzi kapena aŵiri, ndipo akhale pafupi ndi zenera pamene pali kuŵala.

Kaŵirikaŵiri timamva anthu akunena kuti kobiri lokhala ndi colakwika limagulidwa pa mtengo waukulu. M'mau amenewa muli coonadi pang'ono, pakuti alipodi anthu amene amasonkhanitsa makobiri otere. Koma mwa makobiri ooneka acilendo amene mudzakumana nao, oculuka ndi ongoonongeka m'manja mwa anthu, ndipo alibe mtengo woposa umene unalembedwapo. Munthu wosadziŵa kusiyanitsa ziŵirizi angathe kunyengedwa mosabvuta.

Kuti tisiyanitse, tiyambe tadziŵa m'mene kobiri limapangidwira. Ku fakitale yosula ndalama amayala citsulo mpaka cikhale copyapyala, ndipo makina amadulamo tizitsulo tozungulira, monga m'mene amai amadulira masikono ndi kapu. Kacitsulo kali konse kamaikidwa pakati pa zidindo ziŵiri zolimba, cina pamwamba cina pansi. Zidindozo zikamenya ndi mphamvu, zithunzi ndi malembo a mbali zonse ziŵiri zimatuluka nthawi imodzi.

Tsono mvetsetsani apa. Cidindo ciri ngati cikombole ca njerwa. Inu amene munaonapo oumba njerwa mudziŵa kuti ngati thabwa la cikombole lang'aluka, dothi limaloŵa mu mng'aluwo, ndipo njerwa imatuluka ndi kamzere kotukuka. Njerwa yaciŵiri imatulukanso ndi kamzere komweko, pamalo omwewo, kufikira cikombole citasinthidwa. Cimodzimodzi ndi kobiri. Cidindo cikakalamba ndi kung'aluka, citsulo cimathaŵira mu mng'alu, ndipo pa kobiri pamaoneka kamzere kotukuka, kokhotakhota ngati muzu wa udzu, ka mtundu wofanana ndi kobiri lonselo. Cimeneco ndico colakwika ca ku fakitale. Koma mzere umene unabwera cifukwa ca msomali, mpeni kapena mwala umaloŵa m'kati. Umadula malembo ndi zithunzi mosasankha, ndipo ukakhala watsopano umanyezimira.

Yesani tsopano. Gwirani kobiri lanu m'mphepete, mulipendeke pang'ono kuti kuŵala kudzere cammbali, ndipo muyendetse cikhadabo pang'onopang'ono pa mzere umene mwaona. Kodi cikhadabo cikukwera kapena cikugwera m'kati? Cenjerani: msomali ukakanda kwambiri umakankhira citsulo pambali, ngati khasu lotukula mzere m'munda, ndipo mungathe kuyesa kuti mwapeza cotukuka. Funani ngalande yace. Ngati ngalande iripo, limenelo ndi bala cabe.

Colakwika cina cimacokera podula paja. Kapu ikadutsa pamene padulidwa kale, sikono imatuluka yobenthuka. Kobiri lotere limapereŵera mbali imodzi, ndipo kubenthukako kumakhala kopindika bwino ngati mwezi wongooneka kumene. Podziŵa kuti si munthu anaceka ndi sowo, yang'anani mkombero wa tsidya linalo: kaŵirikaŵiri umakhala wofooka, wosatukuka bwino. Liriponso kobiri limene silinakhale pakati pamene zidindo zinamenya. Cithunzi cace cimapendekera mbali imodzi, kwina n'kutsala kosalala.

Makobiri aŵiri olakwika anachuka pa dziko lonse. M'caka ca 1955, ku Philadelphia m'dziko la United States, anasula makobiri a senti imodzi, a mutu wa Abraham Lincoln, ndi cidindo cimene malembo ace anali obwereza. Manambala a caka amaoneka aŵiriaŵiri ngakhale popanda galasi. M'caka ca 2008, ku Britain, a Royal Mint anasintha maonekedwe a makobiri ao, nacotsa caka kumbuyo kuti cidzilembedwa kutsogolo. Posula ena a 20 pence anaphatikiza cidindo cakale ca kutsogolo ndi catsopano ca kumbuyo, ndipo makobiriwo anatuluka opanda caka mbali zonse. Ine ndimakonda citsanzo cimeneci, cifukwa colakwikaco cinali poyera, koma cinaonedwa ndi okhawo amene amaŵerenga zolembedwa pa ndalama asanaiponye m'thumba.

Kuno kwathu bvuto lalikulu ndi dzimbiri. Makobiri amene anayamba kugwira nchito pa 1 Januwale 2013, monga 50 ngwee ya njobvu ija, anapangidwa ndi citsulo wamba cokutidwa ndi khungu lopyapyala la citsulo ca mtundu wina. Nthawi zina khungulo limatuluka ku fakitale liri ndi timatuza tating'ono. Koma kobiri likagona m'dothi nyengo ya dzinja, madzi amaloŵa pamene khungu lakandika, dzimbiri limadya m'kati ndi kutukula matuza enanso. Amenewa amakhala ndi zofiira kapena zakuda m'mbali mwace. Apa lamulo lathu la kutukuka silikwanira palokha, ndipo mtundu wa malowo ndiwo umatiuza zoona.

Mukapeza kobiri limene mukuliganizira, musalitsuke ndi phulusa, mcenga kapena ndimu, monga ticitira ndi mapoto. Kukwecha kumasiya timizere tambirimbiri, ndipo osonkhanitsa makobiri amalikana lokwechedwa. Likulungeni m'kapepala kouma, mulembepo caka cace ndi cimene mwaona.

Aphunzitsi a Giredi 6 ndi 7, nchito ya sabata ino ndi iyi. Ana apemphe kwa agogo ao makobiri akale a 1 ngwee ndi 2 ngwee, a mutu wa Dr Kenneth Kaunda, amene anayamba kuyenda m'caka ca 1968. Oyambawo anali a mkuwa wosakaniza, koma kuyambira mu 1982 anasulidwa ndi citsulo cokutidwa ndi mkuwa. Ana awaike m'magulu aŵiri poyesa ndi maginito, kenaka aŵerenge zaka zace, ndipo alembe m'makope mwao gulu limene liri ndi dzimbiri lofiira. Akatha, abweze makobiriwo kwa eni ace.