Poizoni wa m'Nsomba: Zimene Zidawoneka ku Minamata

 Komiti idatipempha kuti pa tsiku lino tilankhulepo za ndiwo, pakuti mphika wa pabanja uli m'manja mwa ife amayi. Tsono ife tasankha nsomba, ndipo nkhani yathu ichokera kutali, ku dziko la Japan, ku tauni ya Minamata pa chilumba cha Kyushu.

Anthu a m'midzi ya kumeneko adali asodzi. Nsomba, nkhanu ndi nkhono za m'nyanja ya mchere ndizo zidali ndiwo zawo m'maŵa ndi madzulo, monga achitira abale athu a ku Nkhotakota ndi ku Mangochi. M'tauni momwemo mudalinso fakitale yaikulu ya kampani ya Chisso, imene idalemba ntchito anthu ambiri. Kuyambira mu 1932 fakitaleyo idali kupanga mankhwala ena pogwiritsa ntchito mercury. Mercury mumamdziŵa, ndi kamadzi kolemera konyezimira ngati siliva kamene kadali m'kachipangizo kakale koyezera kutentha kwa thupi kuchipatala. Madzi oipa otsala pa ntchitoyo ankangowatayira m'nyanja.

Oyamba kudwala adali amphaka, pakuti ndiwo ankadya zotsala za nsomba. Mphaka ankazungulirazungulira, dovu lili chuchuchu, kudziwombetsa ku khoma, ena mpaka kugwera m'nyanja. Anthu adangoti amphaka akuvina. Akhwangwala nawo ankagwa pansi ali mkati mouluka.

Mu April 1956 kamtsikana ka zaka zisanu kadafika nako ku chipatala cha fakitaleyo kakulephera kuyenda ndi kulankhula bwino. Patangopita masiku oŵerengeka mng'ono wake adayambanso chimodzimodzi. Pa 1 May chaka chomwecho mkulu wa chipatalacho, Dr Hajime Hosokawa, adadziŵitsa boma kuti kwabuka nthenda yachilendo yogwira ubongo ndi mitsempha. Wodwala ankamva dzanzi m'manja, m'mapazi ndi m'milomo, ankadzandira ngati woledzera, makutu ankagontha, ndipo maso ankangowona cha kutsogolo kokha ngati munthu wosuzumira m'bango. Ena ankafa pasanathe miyezi ingapo.

Pano mitima yathu iŵaŵa, amayi. Poganiza kuti nthendayo njopatsirana, anansi adayamba kuwasala odwalawo. Nyumba zawo zidapoperedwa mankhwala, ndipo m'masitolo ena ankakana kulandira ndalama yawo pamanja. Chikhalirecho wosalayo ndi wosalidwayo ankadya nsomba za m'nyanja imodzi. Mu 1957 akuluakulu a chigawo cha Kumamoto adafuna kuletsa nsombazo mwa lamulo, koma unduna wa zaumoyo udati palibe umboni woti nsomba zonse zili ndi poizoni. Kotero osauka adapitirira kudya.

Mu 1959 madokotala a pa yunivesite ya Kumamoto adalengeza kuti gwero lake ndi mercury. Tamvani m'mene amafikira m'mbale. Mercury wa mtundu woopsawo, wotchedwa methylmercury, akaloŵa m'madzi amamamatira ku tizomera ndi tizilombo tating'ono. Kansomba kadya tizilomboto, nsomba yokulirapo idya tinsomba tambirimbiri, chinsomba chachikulu chidya zokulirapozo. Poizoniyu satuluka msanga m'thupi, tsono amangowunjikana, ndipo wakudya pomalizira ndiye asenza wochuluka. Wakudya pomalizirayo ndi munthu.

Chaka chomwecho Dr Hosokawa adayesa kuthira madzi a m'fakitale m'chakudya cha amphaka, ndipo mphaka amene adampatsa nambala 400 adadwala nthenda yomweyo. Akuluakulu a kampani atamva, adaibisa nkhaniyo. M'malo mwake, mu December 1959, adapereka ndalama za chipepeso, 100,000 yen pa chaka kwa munthu wamkulu ndi 30,000 yen kwa mwana, nawasainitsa odwalawo kuti sadzapemphanso kanthu ngakhale zitadzadziŵika kuti fakitale ndiyo yolakwa. Ife tikuti chimenecho sichidali chipepeso ai, kudali kutseka pakamwa anthu anjala. Dokotalayo adadzaulula za mphaka uja kwa oweruza mu 1970, ali gone pa bedi, imfa ili pafupi.

Tsopano tifike pamene pakhudza ife amayi kwenikweni. M'midzi imeneyo mudayamba kubadwa ana opuwala: khosi losalimba, manja opindika, osalankhula, ena osawona. Anaŵa adali asanalaŵepo nsomba, ndipo amayi awo ambiri ankawoneka abwinobwino. Madokotala a nthaŵi imeneyo adaphunzitsidwa kuti nsengwa imatchinga poizoni kuti asafike kwa mwana m'mimba, choncho poyamba adakana. Koma amayi a anawo ndiwo adaumirira kuti nthendayi ndi yomweija, pakuti adawona kuti ana obadwa zaka zimenezo m'mudzi umodzi adali kufanana madwalidwe. Dokotala wina wachinyamata, Masazumi Harada, adawamvera nayamba kufufuza. Zidapezeka kuti poizoniyu amadutsa nsengwa ndi kukakhala mu ubongo wa mwana umene ukungoyamba kuumbika, kotero mayi apulumuka, mwana napuwala moyo wake wonse. Boma lidavomereza za ana otereŵa mu 1962.

Ku Japan kuli mwambo wosunga mchombo wa mwana ukagwa, m'kabokosi kamtengo. Ife kwathu kuno timachita nawo mwina, aliyense monga mwa mwambo wa kwawo. Koma kusunga kwawoko kudathandiza, pakuti patapita zaka madokotala adapempha michomboyo nkuiyeza, ndipo mercury adampeza momwemo, wochuluka pa ana obadwa m'zaka zimene fakitale inkataya kwambiri.

Fakitale idaleka ntchito ija mu May 1968, ndipo boma lidavomera poyera mu September chaka chomwecho, patapita zaka 12 chidwalire kamtsikana kaja. Pamenepo nkuti nthendayo itabukanso ku Niigata mu 1965, pa mtsinje wa Agano, chifukwa cha fakitale ina. Mu March 1973 bwalo la milandu la ku Kumamoto lidapeza Chisso wolakwa. Pofika mu 2001 boma lidali litavomereza odwala 2,265, ndipo mwa iwo 1,784 adali atamwalira. Enanso oposa 10,000 adalandira chipukuta misozi popanda kulembedwa m'kaundula wa odwala. Matope a poizoni adawafukula ndi kuwakwirira, ndipo ukonde umene adatchinga nawo nsomba za pamalopo mu 1974 adauchotsa mu 1997.

Mwina wina afunsa kuti, nanga ife tilibe nyanja ya mchere, zitikhudza bwanji? Lero mercury wochuluka woipitsa dziko achokera kwa okumba golide a m'migodi ing'onoing'ono. Amamsakaniza ndi dothi kuti agwire golide, kenaka amawotcha kuti golide atsale yekha. Utsi aupuma okha ndi ana awo, zotsala zikokolokera ku mtsinje, ndipo m'matope a pansi pa madzi tizilombo tosawoneka ndi maso timamsandutsa methylmercury uja. Ntchito imeneyi njofala ku Zimbabwe ndi ku Manica m'dziko la Mozambique, kumene abale athu ena amapita kukafuna ndalama, ndipo kuno kwathu okumba golide m'mitsinje achulukanso. Nchifukwa chake maiko adapangana mu 2013 zochepetsa mercury, ndipo panganolo adalitcha dzina la Minamata. Lidayamba kugwira ntchito mu 2017.

Tsono kukhitchini titani? Nsomba ya poizoni ameneyu siwoneka ndi maso, sinunkha, ndipo imakoma monga zinzake. Kuitsuka, kuiŵiritsa, kuikazinga, kuiŵamba kapena kuiyanika padzuŵa sikuchotsa kanthu, pakuti poizoniyo ali m'mnofu mwenimweni. Koma musachoke pano nkukataya usipa ai! Nsomba zimamanga thupi ndi ubongo wa mwana, ndipo tinsomba tating'ono tosakhalitsa m'madzi, monga usipa, kapenta ndi sadini wa m'zitini, ndito tili ndi mercury wochepa. Zoyenera kupewa mayi woyembekezera, woyamwitsa ndi mwana wamng'ono ndi zinsomba zikuluzikulu za m'nyanja ya mchere zodya zinzake, monga shaki ndi swordfish. Mau ameneŵa muwatumizenso kwa ana athu okhala ku Durban, ku Beira ndi ku Cape Town, kumene nsomba zotere zimagulitsidwa. Ndipo ngati kumtunda kwa mtsinje wa kwanu akutsukirako golide, funsani kwa alangizi a zaumoyo ndi a zausodzi musanaphikire mpongozi woyembekezera mlamba wa m'menemo.