Mawu a Mlembi wa Bungwe pa za Odwala Matenda a Mgonagona



Ndaimirira kuti ndinene za abale athu odwala nthenda ya shuga ndi ya kuthamanga kwa magazi. Nthenda zimenezi sizitha monga malungo. Munthu akhala nazo moyo wake wonse, ndipo chifukwa cha ichi amafunsa uku ndi uku. Mnansi amuuza zake, sing'anga zake, pa wailesi ndi pa lamya amvanso zina. Akapezako bwino ayesa wachira, nasiya mankhwala.

Apa ndi pamene tikutayira anthu. Kuthamanga kwa magazi kawirikawiri sikumveka m'thupi. Kumadziwika ndi makina opimira pa mkono, ndipo wosiya mankhwala angathe kufa ziwalo ali kumunda. Shuga nayenso akakwera kwa zaka amaononga maso, impso ndi mapazi. Kale shuga wa ana anali imfa ndithu, kufikira 1921 pamene insulin inapezeka ku Toronto, m'dziko la Canada. Lero ana obaya insulin masiku onse amakula nakhala ndi mabanja.

Motero ndipempha zinthu zitatu. Choyamba, wodwala apite kuchipatala pa tsiku loikika, atatenga kabuku kake. Chachiwiri, afunse adokotala dzina la mankhwala, muyeso wake, ndi zakudya zomuyenera. Kufunsa si mwano, ndipo safunsa anadya phula. Chachitatu, inu amalume ndi eni mbumba, amene mumagamula za wodwala, mmodzi wa inu apite naye akadzimvere yekha, kuti pa bwalo la banja pasalamulire mphekesera.