Chikhulupiriro chitipatse mafunso, chipani tisankhe tokha

Takulandirani inu a kwaya, inu ochokera ku mzikiti, ndi inu amene Lamulungu limakupezani muli m'bulangete mpaka 10 koloko. Tonse pano ndife ovota.

Lero tikambe nkhani imene kunyumba timaizemba. Kodi chipani chimene timachikondacho tinachikonderanji? Ambiri tikafunsidwa timayankha msanga kuti, "Mtsogoleri wake ndi woopa Mulungu." Yankho limeneli sitikulinyoza ayi. Pa 8 Malichi 1992, m'matchalitchi a Katolika munawerengedwa kalata ya mabishopu yodzudzula kutsekera anthu popanda kuwazenga mlandu, kutseka anthu pakamwa ndiponso kukula kwa mpata pakati pa olemera ndi osauka. Masiku amenewo kulankhula zotere kunali kuika moyo pachiswe. Chaka chomwecho kunabadwa bungwe la PAC, momwe Akhristu ndi Asilamu anakhalira limodzi, ndipo pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera ndale za zipani zambiri. Ndiye wina akamati za Mulungu zisamalowe m'ndale, timukumbutse kuti voti tili nayoyi inadzeranso pa gome la m'tchalitchi.

Komabe tisanalumbire kuti chipani chathu tinachisankha chifukwa cha chikhulupiriro, tiyeni tione mapu a dziko lathu. Mishoni ya Livingstonia inakhazikika kumpoto. Ya Blantyre inayamba mu 1876 kummwera. A Dutch Reformed anayambira ku Mvera mu 1889 n'kufalikira m'chigawo chapakati. Chisilamu chinazika mizu ku Mangochi ndi ku Machinga. Tsopano taonani chisankho cha 1994. Kumpoto kunapita kwa Chakufwa Chihana wa AFORD, pakati kwa Kamuzu Banda wa MCP, kummwera kwa Bakili Muluzi wa UDF. Akhristu a CCAP, mpingo umodzi, Baibulo limodzi, anavota mosiyana malinga ndi komwe amachokera. Muluzi ndi Msilamu, koma Akhristu ambirimbiri akummwera anamuvotera. Mwaona eti? Nthawi zina chimene timachitcha chikhulupiriro chimakhala kwathu chabe, kungoti kwavala yunifomu ya mpingo.

Nanga dzina loti "munthu wa Mulungu" lija? Kamuzu anali mkulu wa mpingo, koma mu ulamuliro wake anthu ankatsekeredwa ku Mikuyu popanda kuonekera kukhoti. Lazarus Chakwera anatsogolera mpingo wa Assemblies of God zaka zoposa 20. Dziko lopemphera lomweli linamusankha mu 2020, lomwelinso linamuchotsa mu 2025. Sitikuweruza mtima wa munthu, imeneyo si ntchito yathu. Tikungoti udindo wa kumpingo sutiuza mmene munthu adzayendetsere misonkho yathu. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Palinso china chimene ife atsikana chimatikhudza mwachindunji. Andale akayamba kukamba za "makhalidwe abwino", kawirikawiri nkhaniyo imakathera pa thupi la mkazi. Lamulo la 1973 linkaletsa amayi kuvala thalauza ndi masiketi aafupi, m'dzina la ulemu. Lamulolo linachotsedwa, koma mu Januwale 2012 amayi anavulidwa m'misewu ya ku Lilongwe chifukwa cha zovala zomwezo, ovulawo akuti akuteteza chikhalidwe. Pa nkhani yochotsa mimba, imene aphungu anakana kuikambirana mu 2021, m'chipinda muno sitigwirizana tonse. Ena chikumbumtima chawo chimakana, ena amaganizira atsikana amene amafera kuseri. Tilemekezane, aliyense avote monga mtima wake ukumuuzira. Koma tisalole kuti makhalidwe onse akathere pamenepo. Kuba ndalama za boma monga zinachitikira pa Cashgate mu 2013 si tchimo kodi? Mankhwala akasowa m'chipatala, mayi n'kufa pobereka, imeneyo si nkhani ya makhalidwe? Baibulo ndi Korani zonse zimakamba za mwana wamasiye, za wosauka ndi za sikelo yachinyengo.

Chikumbumtima chikagwira ntchito bwino timachiona. Mu 2017 aphungu a zipani zosiyanasiyana anasintha malamulo aakulu a dziko kuti pasapezeke mwana wosakwana zaka 18 wolowa m'banja, ngakhale makolo atavomereza. Tsiku limenelo mtundu wa nsalu ya chipani unalibe ntchito.

Ndiye titani? Tikupempha zinthu zitatu basi.

Choyamba, tisanatchule dzina la chipani chilichonse, tilembe zinthu zitatu zimene chikhulupiriro chathu chimatiuza kuti sitingagonje nazo. Kenako titenge manifesito ndi mbiri ya phungu wathu, tione amene akufikapo. Mwina tidabwa.

Chachiwiri, wandale akabwera pa Paper Sunday ndi envelopu yonenepa, tisangolulutira. Tifunse kuti ndalamazo zachokera kuti, ndipo n'chifukwa chiyani wakumbukira mpingo wathu chisankho chitayandikira. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama kapena katundu pofuna kukopa ovota. Denga la tchalitchi lingakhale la malata atsopano, koma voti yathu si chopereka.

Chachitatu, abusa athu ndi mashehe athu tiwamvere akamatiphunzitsa chilungamo, ndipo tiwalemekeze. Koma akafika potchula dzina la woti timuvotere, pamenepo alankhula ngati nzika inzathu, maganizo awo tingawayeze ngati a wina aliyense. M'kachipinda kovotera muja simulowa abusa, simulowa bambo akunyumba, simulowa chibwenzi. Mumalowa inu nokha ndi chikumbumtima chanu.

Mnzathu akasankha chipani china tisamuyese wachikunja. N'kutheka kuti nayenso anapemphera asanachonge. Tsopano tikhale awiriawiri, aliyense amuuze mnzake zinthu zake zitatu zija, osatchula chipani. Tikabwerera tione ngati tikusiyanadi kwambiri monga andale amatiuzira.