Chifukwa Chake Yosefe Analowa M'chipinda Kukalira

Amene muli ndi Baibulo pafupi, tsegulani Genesis mutu 42. Amene muli pamoto, takasani nsima yanu, makutu okha mundibwereke.

Yosefe anagulitsidwa ndi abale ake ali ndi zaka 17. Pofika zaka 30 anali ataima pamaso pa Farao, ndipo Ejipito yense anali m'manja mwake. Mwana wake woyamba anamutcha Manase, pofuna kunena kuti Mulungu wamuiwalitsa mavuto ake onse. Mukaona pa Genesis 41:51 muzipeza. Tinene kuti Yosefe anachitira umboni kuti zakale zatha. Koma patadutsa zaka zoposa 20 chimugulitsireni, njala inabweretsa abale ake aja kudzagula tirigu. Atangowaona, nduna yaikulu ija inasintha mawu. Anawalankhula mwaukali, anawanena kuti ndi akazitape, nawatsekera masiku atatu.

Ndiye mvetserani apa. Yosefe ankalankhula nawo kudzera mwa womasulira, choncho iwo sankadziwa kuti akumva chinenero chawo. Anayamba kukumbutsana okhaokha za tsiku lija, mmene mnyamata uja anawadandaulira iwo osamumvera. Mawu amenewo anagunda penipeni. Yosefe anachoka pamaso pawo nakalira.

Kodi umboni wake uja unali wabodza? Ayi. Mulungu anamuchitiradi zazikulu. Koma chilonda chimatha kuuma pamwamba chili ndi mafinya mkati, ndipo umadziwa tsiku limene wina wachigunda.

Chakudza sichiimba ng'oma, abale anga. Zogunda pachilonda zimakhala zazing'ono. Alipo anzathu a ku Chilobwe ndi madera ena a m'munsi mwa phiri la Soche amene anapulumuka namondwe wa Freddy mu Marichi 2023. Kwa ena mwa iwo, mvula ikangoyamba kuwomba malata usiku, tulo timathawa, mtima umagunda ngati ukufuna kutuluka. Nyumba ndi ina, malo ndi ena, koma thupi likukumbukira matope aja. Mayi wina anakula ndi bambo woledzera. Lero mwamuna wake akangokweza mawu pang'ono kuitana mwana, iye wayamba kale kunjenjemera. Bambo wina ankatchedwa mbuli kusukulu. Lero mkazi wake akangomukonza pa mawu amodzi, mbale ziuluka. Thupi limathamanga nzeru zisanadzuke. M'manja thukuta, pakhosi pouma, ndipo mphindi imeneyo sukuyankhanso munthu amene ali patsogolo pako. Ukuyankha munthu wa zaka 20 zapitazo.

Pano ndinene mosabisa, ngakhale ena sakondwa nazo. Si chilichonse chimene ndi chiwanda. Ine ndimakhulupirira kumasulidwa, ndipo ziwanda timazitulutsa m'dzina la Yesu, aleluya! Koma mlongo amene akunjenjemera chifukwa anamenyedwa ali mwana, mukamukuwira kuti "tuluka, tuluka" mwangomuwonjezera mantha. Ameneyo ndi wovulala. Wovulala amafuna kutsukidwa bala.

Tsono taonani zimene Yosefe anachita ulendo wachiwiri, pa Genesis 43:30 ndi 31. Ataona Benjamini, mwana wa mayi ake, anamva kuti zayambanso. Sanadikire kuti ziphulike pagulu. Anafulumira kulowa m'chipinda chake, analira, anasamba kumaso, natuluka n'kulamula kuti chakudya chibwere. Munthuyu anadziwa chizindikiro chake. Inu chanu mumachidziwa? Ena chimayambira pachifuwa, ena m'mimba, ena mutu umatentha. Chikangobwera, musayankhe kaye. Tulukani panja, pumani mpweya pang'onopang'ono, tchulani dzina la Yesu. Mukatero dzifunseni kuti, "Kodi zimenezi zikundikumbutsa ndani?" Mukapeza yankho, muuzeni Mulungu ndi dzina lake lenileni. Musati, "Ambuye, mukudziwa zonse." Nenani kuti, "Ambuye, ndikuopa ngati mmene ndinkaopera bambo anga." Chimene mwachitchula mwayamba kuchigwira.

Azibambo, ndikudziwa tinaleredwa kuti mwamuna salira. Yosefe anali wachiwiri kwa Farao, mphete yachifumu ili kuchala, koma pa Genesis 45 analira mpaka Aejipito anamva. Misozi imene mukuikaniza ndi imene ikutuluka ngati ukali pa ana anu.

Ndipo m'chipinda simokhalamo. Yosefe anatuluka, ndipo tsiku linafika loti anatulutsa anthu onse nalankhula ndi abale ake maso ndi maso. Anatchula zimene anamuchita, kuti anamugulitsa, kenako anawakumbatira. Inunso nkhani yanu ikufuna khutu la munthu. Mutu umodzi susenza denga. Uzani mkazi wanu kapena mwamuna wanu nthawi imene mtima uli pansi, kuti, "Mukamenyetsa chitseko, ine ndimabwerera kutali." Pezani mkulu wa mpingo wosunga chinsinsi. Ngati tulo tasowa kwa miyezi, maloto oipa sakutha, kapena mukumva maganizo ofuna kudzipha, pitani kuchipatala lero lomwe. Ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kuli aphungu a zamaganizo, ndipo pachipatala cha boma chapafupi akhoza kukulozerani koyenera. Pitani, ife tikupempherabe. Kutero si kuchepa chikhulupiriro.

Mawu amodzi kwa inu amene wokuvulazaniyo akadali m'nyumba ndipo akupitirizabe. Musanene kuti abusa ati ndipume mpweya n'kupirira. Yosefe sanawakhulupirire abale ake tsiku loyamba. Anayamba waona Yuda akudzipereka kukhala kapolo m'malo mwa Benjamini, umboni woti anthuwa asintha. Kukhululuka ndi lamulo la Ambuye, koma kubwerera pomwe akukumenyani si lamulo. Kupolisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa, ndipo mpingo ukuperekezeni.

Tsopano ikani dzanja pamene pamayambira paja, pachifuwa kapena pamimba, tipemphere. Atate, m'dzina la Yesu, mukumuona mwana wanu amene akumvera ali yekha. Mukudziwa mawu amene amamubweza kudzenje. Mzimu Woyera, mugwireni pa mphindi imene chilonda chagundidwa, mutsekeni pakamwa pa mawu owononga, mumupatse munthu womumvera sabata ino. Usiku uno agone tulo. Ameni.