Kusankha Combo ca Ulendo wa Banja la Ana Osinkhuka

Nkhani ya madzulo ano ikhudza makolo amene ali ndi ana osinkhuka, a zaka zoyambira 13 kufikira 17, ndipo alingalira zoyenda nao pamadzi pa nthawi ya chuthi. Dziko la Zambia liribe nyanja ya mcere, koma ici siciletsa anthu a ku Migodi ndi a m'matauni kukhumba ulendo wotere. Munthu amene wagwira nchito pansi pa nthaka ku Nchanga kapena ku Mufulira zaka zambiri, nasunga ndarama pang'ono pang'ono, afika pa tsiku limene aona kuti mwana wace wamwamuna wayamba kumera ndebvu, ndipo wamkazi watsala pang'ono kutsiriza sukulu. Adziwa kuti zikapita zaka ziwiri kapena zitatu anawo adzabalalika, wina ku koleji, wina ku nchito, ndipo mwai woyenda onse pamodzi sudzabweranso. Akulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo nkwabwino kuti ana aone dziko makolo ali pambali pao. Koma ndarama za ulendo wotere sizipezeka kawiri. Kholo likasankha combo molakwa litaya ndarama ndi chuthi comwe, ndipo mwina liika ana pangozi.

MITUNDU IWIRI YA ZOMBO

Coyamba cimene kholo liyenera kuzindikira ndico cakuti zombo ziri za mitundu iwiri. Ziripo zombo za nchito, zimene zinyamula anthu ndi katundu kucoka pa doko lina kunka pa lina, ndipo ziripo zombo za cisangalalo, zimene anthu akwera kuti akapumule cabe.

Mwa zombo za nchito, codziwika koposa kwa olankhula Cinyanja ndico Ilala ya pa nyanja ya Malawi. Inapangidwa ku Scotland ndi kampani ya Yarrow m'caka ca 1949, inabwera zidutswa-zidutswa kudzera ku Beira, ndipo inayamba nchito m'caka ca 1951. Dzina lace licokera ku Zambia konkuno, pakuti Ilala ndilo dera la mudzi wa Chitambo kumene David Livingstone anafera m'caka ca 1873. Ulendo wace uyambira ku Monkey Bay, nupitira ku Nkhotakota, ku zisumbu za Likoma ndi Chizumulu, ku Nkhata Bay, kufikira ku Chilumba kumpoto. Banja locokera ku Kitwe litsika ku Lusaka, ligwira mseu waukulu wa kum'mawa kufikira ku Chipata, ndi kulowa m'Malawi pa cipata ca Mwami.

Cina ndico Liemba ya pa nyanja ya Tanganyika, imene kwa zaka zambiri inkayenda pakati pa Kigoma ndi Mpulungu. Inapangidwa ku Papenburg, m'dziko la Germany, m'caka ca 1913. Eni ace anaimiza dala m'caka ca 1916 pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo Angerezi anaibvuula naibwezera pa nchito m'caka ca 1927. M'zaka zapitazi yakhala nthawi yaitali pa doko la Kigoma cifukwa ca kukonzedwa. Motero munthu asanyamuke kunka ku Mpulungu asanafunse ngati iri kuyenda.

Zombo za cisangalalo zoyandikira ku Zambia zinyamuka ku Durban ndi ku Cape Town. Kampani ya MSC imatumiza combo kumeneko m'miyezi ya dzinja, kuyambira ca m'November kufikira ca m'March kapena April, ndipo ku Durban kunatsegulidwa nyumba yatsopano yokwerera zombo, ya dzina la Nelson Mandela, m'caka ca 2023. Maulendo ambiri ndi a masiku atatu kapena anai, onka ku Portuguese Island pafupi ndi Maputo, kapena ku Pomene m'Mozambique momwemo. Atali afika ku Mauritius. Kutali ku America kuli zombo zazikulu koposa, monga Icon of the Seas ya kampani ya Royal Caribbean, imene inayamba kuyenda kucoka ku Miami m'caka ca 2024. Utali wace ndi mamita 365, ndiko kunena kuti Ilala zisanu ndi ziwiri zitandandalikidwa, pakuti Ilala iri ndi mamita 52.

KODI MULI CIANI CA MSINKHU WAO?

Funso loyamba ndi lakuti kodi kampaniyo ilandira ana. Si zonse zimene zitero. Zombo za Viking ndi za Virgin Voyages sizilola munthu wosakwana zaka 18, ndipo kholo limene likopeka ndi cithunzi cokongola, osawerenga malamulo, lidzabwezedwa.

Funso laciwiri ndi lakuti kodi m'combomo muli malo a ana a msinkhu umenewu. Mnyamata wa zaka 16 sali mwana wa kumsana, ndiponso sali munthu wamkulu. Akamuika pamodzi ndi tiana ta zaka zisanu ndi ciwiri acita manyazi nathawa. Akamusiya yekha ayamba kuzungulira pafupi ndi malo a mowa ndi a juga. Ncifukwa cace makampani ena agawa ana monga mwa zaka zao. Pa zombo za MSC a zaka 12 kufikira 14 ali ndi gulu lao, ndipo a zaka 15 kufikira 17 ali ndi lao. Pa zombo za Disney malo ochedwa Edge ndi a zaka 11 kufikira 14, ndipo ochedwa Vibe ndi a zaka 14 kufikira 17. Kholo la ana awiri, wina wa zaka 14 ndi wina wa zaka 16, lidziwiretu kuti pa combo cina anawo adzakhala m'magulu osiyana, ndipo msungwana wamanyazi angabvutike mlongo wace ali kwina.

Pa Ilala palibe magulu otere, palibe dziwe losambiramo, palibe kanema. Koma pali zimene combo cacikulu sicingapatse mwana. Iye aona asodzi a usipa ndi nyali zao usiku, aona matumba a cimanga ndi madengu a nsomba akukwezedwa, aona mapiri a ku Usisya ndi ku Ruarwe akutsikira m'madzi, ndipo pa Likoma alowa m'chalichi cacikulu ca St Peter cimene cinayamba kumangidwa m'caka ca 1903. Mabanja ambiri a ku Migodi ali ndi makolo ao amene anacokera ku Nkhata Bay ndi ku Likoma kudzafuna nchito. Kwa mwana wobadwira ku Chingola, amene amangomva maina awa pakamwa pa ambuye ace, ulendo wotere uli ngati kukaona kwao.

ZA MOYO

Funso lacitatu liposa onse, pakuti likhudza moyo. Pa 30 July 1946 combo cochedwa Vipya cinamira ndi mphepo kumpoto kwa nyanja ya Malawi, ndipo anthu 145 anafa. Pa 4 August 1991 combo ca cisangalalo cochedwa Oceanos, pocoka ku East London kunka ku Durban, cinamira pafupi ndi Coffee Bay. Anthu onse 571 anapulumuka ndi cithandizo ca mahelikopita a asilikali ndi zombo zina, ndipo ena mwa amene anatsogolera anthu pa nthawi ya bvutoyo anali oimba nyimbo a m'combomo. Pa 13 January 2012 Costa Concordia inagunda mwala pafupi ndi cisumbu ca Giglio ku Italy, ndipo anafa anthu 32. Pambuyo pa ngozi imeneyi lamulo la zombo za pa nyanja zazikulu linakhwimitsidwa, kotero kuti okwera aphunzitsidwa za kupulumuka combo cisananyamuke kapena citangonyamuka.

Phunziro limeneli ana osinkhuka aliyesa cotopetsa, ndipo afuna kulizemba. Kholo lanzeru liwagwira dzanja ndi kupita nao. Mwana ali yense adziwe yekha kumene kuli jekete lace loyandamitsa munthu, mabvalidwe ace, ndi malo amene banja lace liyenera kusonkhana likamveka belu la ngozi, cifukwa pa combo ca anthu zikwi zambiri ngozi ingadze bambo ali kwina, mwana ali kwina. Pa Ilala ngozi yaikulu iri pa kutsika, pakuti m'malo opanda doko anthu atsikira m'mabwato aang'ono kunka kumtunda, ndipo ali yense afuna kuyamba ndiye. Apa banja lidekhe, lilole opupuluma atsogole.

Nyengo nayonso iyenera kuganiziridwa. Pa nyanja ya Malawi mphepo ya mwera ikula m'miyezi yozizira ya June, July ndi August, ndipo mwana wosazolowera mafunde asanza usiku wonse. Ku gombe la Mozambique, miyezi imene zombo za ku Durban ziyenda ndiyonso miyezi ya anamondwe, monga Idai amene anaononga Beira m'March 2019. Pa Portuguese Island anthu atsikira m'mabwato, ndipo mafunde akakula kapiteni ali ndi mphamvu yoletsa kutsikako. Ana auzidwiretu zimenezi, kuti asadzayese kuti anyengedwa.

MTENGO WENI-WENI

Funso lacinai ndi la ndarama, ndipo apa mpamene anthu ambiri apunthwa. Mtengo wolembedwa ndi malemba akulu pa cidziwitso suli mtengo wonse. Kawiri-kawiri ulipira cipinda, cakudya ca m'nyumba zodyera za onse, ndi masewera a madzulo. Pamwamba pace pali msonkho wa madoko, ndarama ya anchito imene iwerengedwa pa munthu ali yense tsiku ndi tsiku, zakumwa za m'mabotolo, maulendo a kumtunda, ndi intaneti. Dokotala wa m'combo naye alipiritsa, ncifukwa cace inshuwalansi ya ulendo iri yofunika. Foni ya mwana ikasiyidwa yotsegula pakati pa nyanja ingathe kudya ndarama zambiri m'masiku atatu. Ndipo banja la ku Ndola liwerengerenso ulendo wa ndege kapena wa basi kufika ku Durban, ndi malo ogona usiku umodzi, pakuti combo siciyembekeza munthu wocedwa.

M'zombo zazikulu munthu sagula ndi ndarama za m'manja, koma ndi kakhadi kamene ali yense apatsidwa pokwera. Kholo lipite ku ofesi tsiku loyamba ndi kupempha kuti kakhadi ka mwana kaikidwe malire. Zipinda za m'kati zopanda zenera ndizo zotsika mtengo, ndipo ziripo za anthu anai. Koma mnyamata ndi msungwana akulu kugona cipinda cimodzi ndi makolo ao ncinthu cimene mwambo sulola. Ncabwino kufunsa za zipinda ziwiri zoyandikana, mai ndi msungwana m'cimodzi, bambo ndi mnyamata m'cinzace. Pa Ilala zipinda nzowerengeka, ndipo wozifuna alembetse kukali nthawi. Kunsi kumene mtengo uli wocepa kudzaza anthu ndi katundu, ndipo si malo abwino ogonekapo msungwana usiku.

Za makalata, mwana ali yense akhale ndi pasipoti yace imene yatsala ndi miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa. Nkwanzeru kunyamulanso kalata ya kubadwa, ndipo ngati kholo limodzi latsala, kalata yace yobvomereza. Safunsa anadya phula. Zonsezi zifunsidwe ndarama zisanaperekedwe.

LAMULO LA BANJA

Cotsiriza ndico cimene kampani iri yonse singagulitse. M'magulu a ana osinkhuka mwana alowa ndi kuturuka monga afuna, ndipo anchito samulondola. Mowa sagulitsa kwa wosakwana zaka 18, kapena 21 pa zombo zocokera ku America, koma munthu wacilendo angathe kumgulira. Tsono banja lipangane lisanakwere: kudya pamodzi madzulo ali onse, ora lobwerera kukagona, kusalowa m'cipinda ca munthu wina, kusalandira cakumwa kwa wosamdziwa, ndi kusakwera pa mpanda wa m'mbali mwa combo pofuna kujambulitsa.

Pa kusankha kwace, anawo akhalepo ndi kunena maganizo ao. Bambo awaonetse ndarama zimene ziripo, ndi mtengo wa ulendo uli wonse, kuti aone okha kumene thukuta la pansi pa mgodi lidzapita. Banja limene lifuna mpumulo ndi masewera, ndipo lingathe kulipira zonse popanda ngongole, liyang'ane ku Durban. Banja limene ndarama zace nzocepa, kapena limene ana ace sanaonepo kumene ambuye ao anabadwira, ligwire mseu wa ku Chipata mphepo ya mwera itaphwa, ndipo lifunse za tsiku la Ilala lisanacoke pakhomo.