Kompyuta Ikafa, Ntchito Isafere Pomwepo

Nkhani iyi inakambidwa ndi mlangizi wa za makompyuta pamaso pa komiti ya chitukuko ya dera la Mfumu Yaikulu Maganga.



Kompyuta ikamayaka bwino m'mawa uliwonse, palibe amene amafunsa kumene imasunga zinthu zake. Zonse zimakhala pa kachipangizo kamodzi kotchedwa hard disk: Windows imene imayendetsa makinawo, mapulogalamu olembera, mayina a ophunzira, zotsatira za mayeso, malipoti a ndalama za chitukuko ndi makalata a komiti. Kachipangizoka kamatha monga mmene chimathera chinthu china chilichonse, ndipo kuno kunyanja adani ake ndi ambiri: kutentha kwa Okutobala, fumbi, chinyezi cha m'dzinja, mphenzi ndi kuthimathima kwa magetsi. Ambiri akukumbukira mmene magetsi anavutira namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Magetsi akathima kompyuta ili mkati molemba, mafayilo amatha kuonongeka mpaka makinawo kukana kuyaka.

Vutoli siligwera maofesi aang'ono okha. Mu Febuluwale 2024, a Lazarus Chakwera, amene anali mtsogoleri wa dziko panthawiyo, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti alowerera makina osindikizira mapasipoti ndipo akufuna dipo. Kwa masabata angapo Amalawi sanathe kulandira mapasipoti. Ngati nthambi yaikulu ya boma inaima chonchi, sukulu kapena ofesi ya kwa Maganga imene ili ndi kompyuta imodzi iyenera kukonzekera tsiku loipa lisanafike.

Njira zokonzekera zilipo ziwiri. Yoyamba, imene akatswiri amaitcha cloning, ndi kukopera diski yonse pa diski ina, kuti yachiwiriyo ifanane ndi yoyamba ngati mapasa. Yakale ikafa, munthu amangoichotsa n'kuikamo inzakeyo, ntchito n'kupitirira. Njirayi ndi yabwino posintha diski yokalamba, koma imadya diski yathunthu pa kopi imodzi. Yachiwiri ndi kupanga disk image, kutanthauza kulongedza zonse za m'diski n'kuzisunga ngati mtolo umodzi pa hard disk yonyamula m'manja. Diski imodzi yotere imatha kusunga mitolo ya makompyuta angapo ndi ya miyezi yosiyana. Ofesi imene ndalama zake ndi zochepa ingapindule kwambiri ndi njira yachiwiriyi.

Tsono pulogalamu yogwirira ntchitoyi isankhidwe motani? Funso loyamba ndi lakuti kodi imagwira popanda intaneti, poti netiweki ndi ndalama za bandulo sizipezeka nthawi zonse. Clonezilla, pulogalamu yaulere imene inapangidwa ku Taiwan, imaikidwa pa fulashi ndipo imayatsa kompyuta ngakhale Windows itakana. Imakopera malo okhawo amene muli zinthu, choncho imafulumira. Vuto lake ndi lakuti imafunsa mafunso ambiri m'Chingerezi cha akatswiri pa sikirini ya malembo okhaokha. Apa m'pamene pakubwerera funso lachiwiri: kodi munthu amene ali pamalopo angathe kuigwiritsa ntchito yekha? Rescuezilla nayo ndi yaulere, ili ndi mabatani ongodina, ndipo imawerenga mitolo yopangidwa ndi Clonezilla. Mphunzitsi amene sanaphunzire zamakompyuta mozama akhoza kuiphunzira mosavuta. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno: chida chimene mwini ofesi amachidziwa chimaposa chida chapamwamba chodikira katswiri wochokera ku Lilongwe.

Funso lachitatu ndi lakuti kodi pulogalamuyo idzakhalapobe mawa. Norton Ghost inali yotchuka kwambiri, koma eni ake anasiya kuigulitsa mu 2013. Kampani yopanga Macrium Reflect nayo inasiya kupereka mtundu wake waulere. Nzeru ndi kusunga fulashi ya pulogalamuyo pamodzi ndi mtolo umene inapanga. Funso lachinayi ndi la thanzi la diskiyo. Diski imene yayamba kulira, kuchedwa kapena kutaya mafayilo isakakamizidwe ndi mapulogalamu wamba. Imafuna chida chotchedwa ddrescue, chimene chimayamba chapulumutsa malo abwino, kenako n'kubwerera pa malo odwala. Ntchito imeneyi ndi ya katswiri, ndipo kompyutayo izimitsidwe kufikira iye atafika.

Sukulu imene ili ndi chipinda cha makompyuta ofanana ingapepukidwe kwambiri. Mphunzitsi akonze kompyuta imodzi bwinobwino, aichotse mavairasi, aikemo zonse zofunika pa phunziro la Computer Studies, kenako apange mtolo wake n'kuutsitsira m'makompyuta enawo. Ntchito ya masiku ambiri imatha m'maola. Koma akumbukire kuti kompyuta iliyonse imafuna laisensi yake ya Windows, kuti Clonezilla imafuna diski yolandira yofanana kapena yokulirapo kuposa yoyambayo, ndiponso kuti mtolo wopangidwa pa kompyuta ya vairasi umafalitsa vairasiyo ponseponse.

Mtolo wa diski yonse sulowa m'malo mwa kusunga mafayilo a tsiku ndi tsiku. Ukapangidwa mu Seputembala, sudziwa zimene zinalembedwa mu Novembala. Choncho mtolo upangidwe teremu iliyonse, koma makalata ndi malipoti azikopedwa sabata iliyonse. Akatswiri amalangiza kuti pakhale makopi atatu, pa zipangizo ziwiri zosiyana, ndipo imodzi ikhale kunja kwa ofesiyo, kuti moto, akuba kapena denga lodontha zisamalize zonse pamodzi. Hard disk yosungirayo izizulidwa ntchito ikatha, chifukwa mphenzi ndi mavairasi ofuna dipo zimafika pa chilichonse cholumikizidwa. Popeza mtolo umanyamula mayina a ana, odwala ndi olandira thandizo, ndipo lamulo la 2024 loteteza zinsinsi za anthu limafuna kuti zoterezi zisamalidwe, uzitsekedwa ndi pasiwedi n'kuikidwa m'kabati yokiya.

Mfundo yaikulu koposa ndi iyi: mtolo umene sunayesedwe suyenera kudaliridwa. Msodzi wa ku Senga Bay amayala chilimira pamchenga masana n'kufufuza pong'ambika, chifukwa usiku pakati pa nyanja si nthawi yozindikira kuti ukonde ndi wobooka. Momwemonso mtolo ukhoza kuoneka wabwino m'ndandanda wa mafayilo koma n'kukana kutseguka pa tsiku la tsoka. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Kuyesa kwake n'kuutsitsira pa diski yopanda kanthu n'kuona ngati kompyuta ikuyaka ndi mafayilo akutseguka. Poyesapo, diski iliyonse ilembedwe dzina pa kapepala, chifukwa munthu akasokoneza yochokera ndi yolandira amafufuta ndi dzanja lake lomwe zonse zimene ankafuna kupulumutsa.

Pempho kwa komiti ino ndi la zinthu zitatu. Pokonza bajeti ya sukulu kapena ofesi, pakhale mzere wa hard disk ziwiri ndi fulashi imodzi. Pa malo aliwonse paphunzitsidwe anthu awiri, kuti mmodzi akasamutsidwa luso lisasamuke naye. Pomaliza, pakhale kabuku kolembamo tsiku limene mtolo unapangidwa, tsiku limene unayesedwa ndi amene anayesa, ndipo komiti izikaona poyendera ntchito zachitukuko monga mmene imaonera mijigo ndi midadada ya sukulu.