Kanazawa: mzinda wa linga womwe unamangidwa ndi mpunga

(Mawu amene mmodzi wa mamembala, mlimi mnzathu, analankhula pa msonkhano wa kalabu ya omvera wailesi)

Lero mwandipatsa mutu wa mizinda yakale ya ku Japan imene alendo amapitako kukaona. Ine ndasankha Kanazawa, mzinda wa m'chigawo cha Ishikawa, kumbali ya nyanja yoyang'ana ku Korea. Ndausankha chifukwa mbiri yake ndi ya alimi ngati ife.

Mlendo wochokera ku Tokyo amakwera sitima yothamanga kwambiri, imene inayamba kufika kumeneko mu 2015. Maola awiri ndi theka basi, wafika. Mzindawu sunaphulitsidwe ndi mabomba pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, n'chifukwa chake misewu yakale ikadalipo.

Choyamba chimene amaona ndi linga la mafumu, lili pamtunda pakati pa mitsinje iwiri, Sai ndi Asano. Koma tamverani ichi. Linga lisanamangidwe, pamalo amenewo panali kachisi wa Chibuda. Mu 1488 alimi pamodzi ndi ansembe ndi ankhondo ang'onoang'ono anachotsa bwanamkubwa wa dera la Kaga, ndipo anadzilamulira okha zaka pafupifupi 100. Anthu ankati limeneli ndi dziko la alimi. Mu 1580 asilikali a Oda Nobunaga anawagonjetsa. Mu 1583 Maeda Toshiie analowa m'lingamo, ndipo banja lake linalamulira zaka zoposa 280.

Nanga chuma cha a Maeda ankachiyeza bwanji? Ankayeza ndi mpunga. Muyeso wake ankautcha koku, malita pafupifupi 180, ndiye kuti makilo ngati 150, matumba atatu a 50. Ankati ndi chakudya cha munthu mmodzi chaka chathunthu. Dziko la a Maeda ankaliwerengera makoku oposa 1 miliyoni, ndipo kupatula banja la Tokugawa lolamulira Japan yense, panalibe wina wowaposa. Koma wolima anali ndani? Mlimi. M'nthawi imeneyo msonkho unkatenga nthawi zambiri magawo anayi kapena asanu mwa magawo khumi a zokolola. Ndiye mukamaona khoma lokongola lija, mudziwe kuti ndi thukuta la wa khasu.

Linga limeneli linapsa kambirimbiri. Moto wa mu 1881 unamaliza nyumba zambiri. Chipata chotchedwa Ishikawa, chomangidwanso mu 1788, chinapulumuka, ndipo denga lake ndi la mtovu, limaoneka loyera ngati pagwa chipale.

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, nkhani ya madzi. Mu 1631 moto waukulu unawononga mzinda ndi linga lomwe, chifukwa pamtunda paja madzi anali osowa. Chaka chotsatira, mu 1632, anakumba ngalande yotchedwa Tatsumi, yotalika makilomita pafupifupi 11, kuchokera kumtunda kwa mtsinje wa Sai. Mbali ina anaboola phiri, madzi n'kumadutsa pansi. Atafika pafupi ndi linga panali chigwa. Anatani? Anatsitsa madzi m'mipope yotsekeka bwino, ndipo chifukwa gwero linali pamwamba, madzi ankakwera okha tsidya linalo. Popanda injini, popanda petulo, popanda magetsi. Madzi omwewo anathandizanso kuthirira minda m'njira, ndipo mpaka lero akuyendabe.

Madziwo amalowa m'munda wa maluwa ndi mitengo wotchedwa Kenroku-en, wa mahekitala pafupifupi 11, umene unatsegulidwa kwa anthu wamba mu 1874. M'menemo muli kasupe woponya madzi m'mwamba mamita atatu ndi theka, ndi mphamvu ya dziwe lomwe lili kumtunda kwake basi. Kuyambira pa 1 Novembala chaka chilichonse, ogwira ntchito amaimika mlongoti pambali pa mtengo wa paini n'kumanga nthambi ndi zingwe zambirimbiri, kuti chipale cholemera chisazithyole.

Mukatsika ku Nagamachi, kumene kunkakhala ankhondo a mfumu, mupeza makoma a dothi. Nyengo yozizira ikafika amawaphimba ndi mphasa za mapesi a mpunga kuti dothi lisagumuke. Mapesi omwewa amene ena a ife timangowatentha! Kulinso msika wa Omicho, wa zaka zoposa 300, wodzaza nsomba, nkhanu ndi ndiwo zamasamba. Ndipo golide wosulidwa mopyapyala kuposa pepala, pafupifupi yense wa m'Japan amachokera mumzinda umenewu.

Anzanga, ambiri a ife sitidzapondako kumeneko, tikiti yake ndi yodula. Koma funso ndabwera nalo. Ngalande yokumbidwa ndi manja yatha zaka pafupifupi 400 chifukwa mbadwo uliwonse umaikonza. Nanga ngalande za kumadimba kwathu, amachotsa matope ndani mvula ikatha? Pa msonkhano wamawa aliyense abwere ndi yankho la m'mudzi mwake, tidzatumize ku wailesi.